Mmene mungafukulire mbiri ya jockey wodumpha mipanda yemwe sanatchuke

Ine ndimagwira ntchito ya care kuno ku England ngati anzathu ambiri ochokera kumudzi, ndipo za mahatchi sindinkazidziwa olo pang'ono mpaka tsiku lina m'mawa ndikusambitsa agogo ena aamuna, azungu, oyandikira zaka 80, aafupi koma manja akuluakulu ngati a munthu wa kudimba. Ndikuwapukuta ndinaona kuti fupa lija lopingasa pansi pa khosi kupita paphewa lili ndi chotupa cholimba, kumanzere ndi kumanja komwe, ngati nthambi yomwe inathyoka nkulumikizikanso mokhota. Ndinafunsa kuti agogo apa panatani, iwo anangoseka nkuti "mahatchi mwanawe, ndinali jockey wodumpha mipanda, koma sindinakhalitse." Kenako anagwira thaulo lija mbali ziwiri, zala atazipinda mwa mtundu winawake, zigongono mkati, mutu atauzyolitsa pang'ono, ndipo kwa kanthawi kochepa kaja munthu uja sanali wodwalanso ayi, anali pamsana pa hatchi akuyang'ana mpanda ukubwera.

Mwana wawo wamkazi anandiuza kuti wakhala akulemba dzina la bambo ake pa Google zaka ndi zaka osapeza kanthu, mpaka anayamba kukayika kuti mwina madalawa ankangosesa m'khola la mahatchi basi nkhani ya ujockey ndi yowonjezera. Zinandipweteka mtima zimenezo. Nde tinagwirizana kuti tifufuze limodzi pa masiku anga a off, abwana akuntchito akudziwa, ndipo ichi ndichinene pompano, ngati munthuyo mukumusamalira kuntchito musatenge chithunzi kapena pepala lililonse m'nyumba mwake popanda chilolezo cha iye mwini, abale ake ndi akuntchito. Nchifukwa chake dzina la agogowa simuliona apa. Zomwe ndikupatseni ndi njira yomwe tinatsata, ikhoza kuthandiza amene ali ndi apongozi, neba kapena wodwala yemwe anakwerapo mahatchi a mpikisano ku Britain kapena ku Ireland koma dzina lake silinamveke.

Yambani mwawadziwa masewerawo

Mipikisano ya mahatchi kuno ili pawiri. Pali ya flat, yongothamanga pamtetete, nde pali yodumpha yomwe dzina lake lenileni ndi National Hunt. Ma jockey ake ndi osiyana, malaisensi osiyana, mabuku a zotsatira osiyananso, ndiye mukasaka munthu wodumpha m'mabuku a flat mungotha data. Yodumphayo ilinso ndi mitundu, hurdle ndi timipanda tatifupi topepuka, pafupifupi mita imodzi, hatchi ikatigunda timagwa, pomwe chase kapena steeplechase ndi mipanda yeniyeni yolukidwa ndi nthambi zothinana, yosachepera 4ft 6in, cha m'ma 1.37 mita, ina ili ndi dzenje kutsogolo, wina uli ndi madzi kuseri. Mtunda umayambira cha m'ma 2 mailosi kukafika kupitirira 4, ndipo Grand National ya ku Aintree, Liverpool, ndi pafupifupi makilomita 7, kudumpha ka 30.

China choti mugwire ndi sizoni. Mpikisano wodumpha ndi wa nyengo yozizira makamaka, ndiye sizoni imadutsa chaka, imalembedwa ngati 1967/68. Masiku ano imathera ku Sandown kumapeto kwa April nkuyambanso posakhalitsa, koma kale isanafike 1995 ankapuma pakati pa chilimwe cha kuno, kuyamba cha mu August nkutseka kumayambiriro kwa June. Agogo akakuuzani kuti "ndinawina mu 68" zikhoza kukhala sizoni ziwiri zosiyana, musakakamire chaka chimodzi.

Chitini cha mabisiketi

Musanatsegule kompyuta tsegulani kaye makabati. Kwa agogo anga chuma chonse chinali m'chitini cha mabisiketi chadzimbiri pansi pa wadirobu, munali timabuku ta pulogalamu ta tsiku la mpikisano tomwe amati racecard titatu, chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera, ndi kachidutswa ka nyuzi kodulidwa ndi sizasi moti tsiku linadulidwira limodzi. Chithunzicho titachitulutsa mufulemu, kumbuyo kwake kunali dzina la hatchi ndi dzina la bwalo zolembedwa ndi pensulo, zofufutika koma zowerengeka ukayika pawindo. Dzina la hatchi limenelo ndi lomwe linatsegula zonse.

Ndikubwereza dala, sakani hatchi osati munthu. Jockey wosatchuka nyuzi zinkamulemba ndi chilembo chimodzi ndi dzina la bambo basi, pena kulakwitsanso chilembocho, ndipo maina ngati Jones, Smith, Davies, Murphy alipo ambirimbiri pa sizoni imodzi. Koma dzina la hatchi nthawi zambiri limakhala lachilendo ndipo mahatchi awiri sathamanga ndi dzina limodzi pa nthawi imodzi. Chachiwiri chofunika ndi dzina la trainer, bwana wa khola yemwe mnyamatayo ankagwirako ntchito, chifukwa anyamata ongoyamba maulendo awo ambiri amawapeza pakhomo pomwepo. Mukakhala ndi hatchi, trainer ndi zaka zongoyerekeza, mwafika theka la ulendo.

Funsaninso mtundu wa malaya omwe ankavala. Malaya aja si a jockey, ndi a mwini hatchi, ndipo pa racecard amalembedwa mwa mawu, wofiira manja oyera chipewa chakuda, choncho. Anthu okalamba amaiwala chaka koma mtundu wa malaya omwe anawina nawo saiwala.

Anali jockey wamtundu wanji

Apa mpomwe ambiri amasochera. Mukaona Mr patsogolo pa dzina pa racecard, ameneyo ndi amateur, wokwera osalipidwa, nthawi zambiri ana a alimi, asilikali kapena eni mahatchi, pena mumaona Capt kapena Major kumene. Wopanda Mr ndi wa ntchito. Ndipo mukaona nambala 7, 5 kapena 3 pambali pa dzina lopanda Mr, ameneyo ndi wophunzira, masiku ano amati conditional, pakamwa amangoti claimer. Nambalayo ndi mapaundi a sikelo, osati a ndalama, omwe amachotsedwa pa katundu yemwe hatchi ikuyenera kunyamula, kuti trainer akopeke kukweza mwana wosazolowera. Lamulo la ku Britain pano ndi lakuti amachotsa 7lb mpaka atawina ka 20, 5lb mpaka ka 40, 3lb mpaka ka 75, kenako basi wakula azipikisana ndi akatswiri pa sikelo yofanana. Kale manambala a mawiniwa anali ena, koma kaganizidwe kake nkomweko.

Kanambala aka musakaderere, ndi kamboni. Ngati munthu anayamba ndi 7 nkumaliza ndi 7, mwadziwa kale kuti mawini ake anali ochepa musanawerenge nkomwe. Ngati mwezi wina ikuoneka 7 mwezi wotsatira 5, ndiye kuti pakati pamenepo pali resi yomwe inamudumphitsa sitepe, kaisakeni.

Sikelo imalembedwa m'ma stone, 10-7 kutanthauza 10 stone ndi 7lb. Stone imodzi ndi 14lb, makilo 6.35, ndiye 10 stone ndi makilo 63.5, ndipo kulemera kumeneko ndi kwa munthu pamodzi ndi chishalo, nsapato ndi zovala. Akapepuka amamuwonjezera mtovu m'kansalu kapansi pa chishalo. Akalemera kuposa pamenepo zimalembedwa m'zotsatira kuti hatchi inanyamula zoposa, amati overweight, nde mukayamba kuziona mobwerezabwereza pa dzina la munthu wanu dziwani kuti thupi linali litayamba kumukana. Tangoganizani mnyamata wa zaka 20 yemwe akukulabe, hatchi yapatsidwa 10 stone iye akuyenera kuchotsanso 7lb, ndiye kuti afike cha m'ma 60 kilo ndi chishalo chomwe, mu January, m'mawa atadzuka mdima kukapala ndowe.

Ngati mukufufuza mayi, kumbukirani kuti azimayi analoledwa kukwera pa mipikisano ya National Hunt ku Britain mu 1976, ndipo Charlotte Brew ndi amene anali woyamba mu Grand National mu 1977 pa hatchi yotchedwa Barony Fort. Zaka za m'mbuyo mwake muwasake ku point-to-point, timipikisano ta ma amateur tochitikira m'minda, tili ndi mabuku ake paokha ndipo nyuzi za m'maboma ndi zomwe zinkatilemba bwino.

Kosaka

Ngati munthuyo anakwera kuyambira kumapeto kwa ma 1980 kubwera kuno muli ndi mwayi, webusaiti ya Racing Post ili ndi zotsatira za resi iliyonse, hatchi iliyonse ndi jockey wake, olo yomwe inamaliza kumapeto. Racing Post yo inayamba mu 1986. Kumbuyo kwake nyuzi ya mahatchi yeniyeni inali Sporting Life, yomwe inasiya kusindikizidwa mu 1998, komanso Sporting Chronicle ya ku Manchester. Agogo anga anali a kumapeto kwa ma 1960 ndiye intaneti wamba sinatithandize, tinalowa m'nyuzi zakale.

British Newspaper Archive ndi pomwe tinathera mausiku ambiri. Ndi nkhokwe ya nyuzi za ku British Library zomwe anazijambula nkuziika pa intaneti, kusaka ndi ulere koma kuti utsegule peji umalipira, nde musanalipire kafunseni ku laibulale ya khansolo ya kwanuko chifukwa ambiri mwa malaibulale amenewa amakulolani kuwerenga ulere pa makompyuta awo ukakhala ndi khadi. Lembani dzina la hatchi, chepetsani zaka kuti zikhale zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo musadabwe ikabweza zochepa. Zotsatira za mahatchi zinkasindikizidwa ndi tizilembo ting'onoting'ono kwambiri kumapeto kwa nyuzi, makina owerenga aja amasokoneza, m amamuwerenga rn, l amamuwerenga 1, ndiye yesani kulemba theka la dzina, kapena dzina la trainer ndi la bwalo limodzi, kapena mukadziwa tsiku ingotsegulani nyuzi ya tsikulo nkupita kumapeji omaliza muwerenge ndi maso anu. Kuona maso a nkhono nkudekha, ife resi yoyamba tinaipeza usiku wachinayi.

Nali tsono phunziro lomwe linatitayitsa sabata yathunthu tisanalizindikire. Nyuzi zambiri zakale pa zotsatira zinkalemba ma jockey a mahatchi atatu oyambirira okha, ena onse ankangowaunjika pansi pa mawu akuti also ran, maina a mahatchi okha opanda wokwera. Munthu ngati agogo anga yemwe masiku ambiri ankamaliza cha kumbuyo simungamuone pamenepo. Mukamupeze mu nyuzi ya m'mawa wa tsiku la mpikisano, pa mndandanda wa othamanga, pomwe hatchi iliyonse imalembedwa ndi sikelo ndi wokwera. Komanso samalani, mndandanda wa m'mawa ndi malonjezo chabe, jockey amatha kuvulala resi yoyamba wina nkutenga malo ake, ndiye mukapeza dzina m'mawa mulitsimikize kwina.

Kwinako ndi ma form book, mabuku a zotsatira za sizoni yonse, a odumpha ankatchedwa Chaseform. Mmenemo hatchi iliyonse ili ndi jockey wake ndi timawu tofotokoza mmene inathamangira, kumapeto kuli index ya maina a mahatchi. Akale amapezeka pa eBay ndi m'mashopu a mabuku akale, ogulitsa ena amatha kukujambulirani peji musanagule mukawapempha mwaulemu. Ife tinagula awiri okha ndipo anatipatsa zambiri kuposa mwezi wonse wa pa kompyuta. Za malaisensi zinkalengezedwa mu Racing Calendar yosindikizidwa ndi a Weatherbys, omwe mpaka lero amasunga kaundula wa mipikisano ali ku Wellingborough. Ku Newmarket kuli National Horseracing Museum, mukhoza kuwalembera imelo yaifupi, yokhala ndi dzina, zaka ndi funso limodzi lomveka, osati mbiri yonse ya banja. Amene muli pafupi ndi London kapena Yorkshire, British Library ku St Pancras ndi ku Boston Spa imapereka khadi yowerengera ulere ndipo mutha kuitanitsa nyuzi zomwe sizili pa intaneti. Ku Ireland yambani ndi Irish Newspaper Archives ndi nyuzi ya Irish Field.

Maina a mabwalo asakusokonezeni. Aintree m'mabuku akale ndi Liverpool, Exeter inali Devon and Exeter, ndipo ena anatsekedwa kalekale, Hurst Park mu 1962, Manchester mu 1963, Birmingham mu 1965, Folkestone mu 2012, ndiye agogo akatchula bwalo lomwe silikuoneka pa mapu musawaone ngati asokonekera mutu.

Ndipo sakani pa masiku a holide. Boxing Day, Easter Monday ndi Whit Monday mabwalo ambiri ankachititsa mipikisano tsiku limodzi, akatswiri onse nkupita ku mabwalo akuluakulu, ndiye ku timabwalo ngati Fakenham, Cartmel, Huntingdon, Market Rasen, Hereford, Newton Abbot kunkasowa okwera, anyamata a m'khola mpomwe ankapezera mpata. Maulendo ambiri a agogo anga tinawapeza pa masiku ngati amenewa, komanso m'ma resi otsika otchedwa selling hurdle, momwe hatchi yowina imagulitsidwa pa okushoni pompo ikangomaliza.

Kuwerenga tizilembo

Pambali pa dzina la hatchi pamakhala kamzere ka manambala ndi zilembo, kuwerenga kuchokera kumanzere kupita kumanja, yakumanja kwenikweni ndi resi yaposachedwa. Nambala ndi malo omwe inamaliza, 0 ndiye kuti inali kutali ndi oyambirira. F inagwa. U hatchi sinagwe koma wokwera anasomphoka nkugwa yekha. B inagwetsedwa ndi inzake yomwe inagwa kutsogolo. P wokwera anaiimitsa isanamalize, mwina yatopa mwina yavulala. R inakana kudumpha. Kamzere kopingasa kamalekanitsa masizoni.

Mfundo yanga yaikulu pa nkhani yonseyi ili pamenepa. Musamangoyang'ana zomwe hatchi inachita tsiku lomwe munthu wanu anaikwera, yang'anani zomwe inachita asanaikwere. Tsiku lina tinapeza kuti agogo anapatsidwa hatchi mu novice chase, resi ya mahatchi ongoyamba kumene mipanda ikuluikulu, ndipo kamzere kake kanali ndi F ndi U zokhazokha, kusonyeza kuti akatswiri onse anali ataikana ndipo trainer anangoyang'ana m'khola kuti ndani sangakane. Mnyamata wofuna dzina sakana. Anamaliza nayo resiyo ali kumbuyo kwenikweni, ndipo m'buku la mawini tsiku limenelo silioneka, koma titawawerengera agogo anawongoka pampando nkuti imeneyo ndi resi yomwe anakwera bwino kuposa zonse pa moyo wawo, kuposa ziwiri zomwe anawina. Nthawi imeneyo kunalibe zotchinga nthiti ndi msana zomwe amavala lero, ndipo zitsulo ndi mitengo ya m'mbali mwa bwalo sizinali za pulasitiki zofewa ngati pano.

Ma odds, manambala a obetcha osonyeza mwayi womwe hatchi ili nawo wowina, nawonso amalankhula. Hatchi ya 33/1 palibe ankaiyembekezera, ndiye ikamaliza yachitatu wokwerayo anagwira ntchito. M'nyuzi zakale mupeza zachilendo ngati 100/8 ndi 100/6, za nthawi ya mashiling'i, Britain isanasinthe ndalama mu 1971, chaka chomwechonso ife kwathu tinasiya mapaundi nkuyamba kwacha ndi tambala. Izi ndikufotokozera kuwerenga mbiri osati kubetcha, ameneyo ndi msampha wina womwe wadya malipiro a anthu ambiri omwe ndimawadziwa.

Gulani kope kapena tsegulani Excel, mzere umodzi resi imodzi, tsiku, bwalo, mtundu wa resi, hatchi, trainer, sikelo, kanambala ka claim, zotsatira, ndi komwe mwazipeza. Chomalizachi musachisiye, pakatha miyezi iwiri mudzapeza mizere iwiri ikutsutsana ndipo mudzafuna kudziwa kuti uti unachokera m'buku uti unachokera pakamwa. Za pakamwa muzilembe ndi inki ina. Osati poti ndi zabodza, koma chikumbumtima chimaphatikiza masiku awiri kukhala limodzi.

Pomwe dzina lasowa

Mukaika mizere yonse motsatana muyamba kuona mipata, milungu kapena miyezi yomwe dzina silikuoneka. Musathamangire kunena kuti anavulala. Onani kaye ngati mipikisano inkachitika nkomwe. M'nyengo yozizira ya 1962/63 chisanu chinatseka pafupifupi mabwalo onse a ku Britain kuyambira kumapeto kwa December mpaka kumayambiriro kwa March. Kumapeto kwa 1967 anaimitsa mipikisano mpaka kumayambiriro kwa January 1968 chifukwa cha matenda a zilonda za mkamwa ndi mmapazi, omwe aja amatseketsa misika ya ng'ombe ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo matenda omwewo anachititsa kuti Cheltenham Festival ya 2001, mpikisano waukulu wa odumpha, isachitike. Mu 2020 Covid nayo inaimitsa zonse kuyambira mu March. Mpata umodzi wa agogo womwe mwana wawo ankaganiza kuti anali mchipatala unali wa ng'ombe zimenezi.

Koma ngati mzere womaliza usanafike mpata uli ndi F, nde mahatchi omwe ankakwera akuoneka ndi munthu wina sabata yotsatira, pamenepo kasakeni mu nyuzi ya m'boma la bwalolo, kawirikawiri pamakhala chiganizo chimodzi pansi penipeni, kuti wakutiwakuti anatengeredwa kuchipatala atathyoka fupa la paphewa. Ndipo onetsetsani ngati atabwerera anapatsidwanso mahatchi ake aja, chifukwa nthawi zambiri sapatsidwa, wolowa m'malo akangowina nayo kamodzi mwini hatchi safunanso kusintha.

Chomwe chinamaliza ntchito

Palibe nyuzi imalengeza kuti jockey wosatchuka wasiya, dzina limangoleka kuoneka. Zifukwa zake zimabwerezabwereza, sikelo, kuvulala, kutha kwa claim kapena kupitirira msinkhu wa uconditional womwe pano ndi zaka 26, trainer kusiya ntchito kapena kumwalira khola nkubalalika, kapena kungoti munthu wakwatira ndipo ndalama za ulendo umodzi pa sabata sizikugula chakudya. Jockey amalipidwa pa ulendo uliwonse, pano kupitirira mapaundi 200 kwa odumpha, koma muchotsepo mafuta a galimoto, agent, valet wosamalira zovala ndi inshuwalansi, ndipo tsiku lopanda hatchi palibe cholowa.

Olo otchuka zimawachitikira. Ryan Mania anawina Grand National ya 2013 pa Auroras Encore, hatchi ya 66/1, mawa lake lomwelo anagwa ku Hexham nkutengedwa pa helikopita, ndipo kumapeto kwa 2014 anasiya akudandaula za sikelo, anadzabwereranso mu 2019. David Mullins anawina Grand National ya 2016 pa Rule The World ali ndi zaka 19, mu 2021 ali ndi 24 anati basi. Nanga ngati awa anatopa, kuli bwanji mnyamata yemwe sanafikeko nkomwe ku Aintree. Anthu amakamba za AP McCoy yemwe anakhala champion ka 20 motsatizana nkuwina maresi oposa 4,300, koma resi iliyonse yomwe iye ankawina kumbuyo kwake kunali anyamata asanu kapena khumi akudya matope a hatchi yake, ndipo popanda iwo resi kulibe.

Musaime pa tsiku lomwe anasiya kukwera, ambiri sanachoke m'mahatchi. Ena anakhala akapitawo a m'khola, ena oyendetsa malole a mahatchi, ena osamalira bwalo. John Buckingham ndi chitsanzo chomwe ndimachikonda, anali wosadziwika kwenikweni pomwe anapatsidwa Foinavon mu Grand National ya 1967, hatchi ya 100/1 yomwe ena anali ataikana, pa mpanda wa 23 hatchi yopanda wokwera inapingasa kutsogolo mahatchi nkuunjikana, iye poti anali kumbuyo anapeza kampata nkudumpha nkukawina, ndipo mpanda umenewo lero umatchedwa Foinavon. Mu 1971 anasiya kukwera nakhala valet zaka zambiri, kutsuka zishalo ndi nsapato za ma jockey anzake. Ndiye sakani dzina la munthu wanu m'zaka zotsatira limodzi ndi mawu ngati head lad, kapitawo wa m'khola, kapena travelling head lad, mwina mumupeza pa chithunzi atagwira chingwe cha hatchi yowina.

Ngati munthuyo ali moyo ndipo akuvutika ndi mabala akale, uzani abale ake za Injured Jockeys Fund. Inayamba mu 1964 Tim Brookshaw ndi Paddy Farrell atathyoka misana ku Aintree, ndipo ili ndi nyumba zothandizira ku Lambourn, ku Malton ndi ku Newmarket, Oaksey House, Jack Berry House ndi Peter O'Sullevan House. Sayang'ana kuti unawina kangati. Mabanja ambiri a anthu omwe anakwera zaka zochepa amaganiza kuti si za iwo, safunsa nkomwe.

Kubweza nkhani kwa mwini wake

Zomwe mwapeza musaziunjike kuti mudzapereke zonse pamodzi tsiku la birthday, anthu okalamba sadikira. Ife tinkapita nazo pang'onopang'ono, peji imodzi yosindikiza ndi zilembo zikuluzikulu, masana atamwa tiyi pomwe mutu wawo umakhala bwino. Ndipo kafunsidwe kake nkofunika. Mukafunsa kuti munawina kangati, munthu amachita manyazi nkutseka pakamwa. Funsani kuti hatchi iyi inali ndi khalidwe lanji, inkakoka kapena inali yaulesi, munapita bwanji ku bwalo tsiku limenelo, pa sitima kapena kumbuyo kwa lole limodzi ndi hatchi, munadya chani dzulo lake, ndani anakubwerekani chishalo. Tchulani dzina la hatchi mokweza nkukhala chete, musadzaze mpatawo ndi mawu anu. Jambulani mawu pa foni ngati avomera. Pa YouTube pali mafilimu akale a British Pathé a mipikisano ya nthawi imeneyo, olo munthu wanu mulibemo muwaonetsebe, amazindikira mabwalo ndi anzawo ndipo maina ena atsopano amatuluka omwe mukawasake mawa.

Tsiku lomwe tinawabweretsera peji ya resi yawo yoyamba kuwina, mwana wawo anawerenga mokweza, bwalo, mtunda, dzina la hatchi, kenako chilembo chimodzi, dzina la bambo ake ndi kanambala 7 pambali. Agogo anatenga pepalalo nkuliyandikitsa kumaso, chala chili pa dzina lawo, anakhala choncho nthawi yaitali ndithu, kenako anati nyuzi yalakwitsa, sanawine ndi mitunda iwiri ya hatchi ayi, kutanthauza utali wa mahatchi awiri patsogolo pa wachiwiri, inali itatu. Tinakayang'ana mu Chaseform madzulo omwewo, inali itatu.